Mtedza wa ku Mchinji: ubwino wake umagamulidwa ndi madzi a m'masabata otsiriza

Mwezi wa Meyi ukangolowa, m'mbali mwa msewu wochoka ku Lilongwe kupita kuchipata cha Mwami mumadzaza masikelo. Pa Waliranji, pa Kamwendo ndi pa Boma la Mchinji, mavenda amayala malona kudikira alimi amene amabwera ndi matumba a mtedza panjinga ndi pangolo. Wogula wozindikira sayamba ndi sikelo. Amapisa dzanja m'thumba, kutapa mtedza pang'ono n'kuuyang'anitsitsa pachikhatho. Ngati maso ake ndi aakulu, odzaza ndi owala, mtengo umakambika. Ngati ndi okwinyika, othimbirira kapena osweka, mlimi amabwerera kwawo ndi ndalama zochepa, ngakhale kuti thukuta lake linali lofanana ndi la mnzake.

Chimene chimasiyanitsa matumba awiriwa nthawi zambiri chimakhala chitachitika kale miyezi iwiri m'mbuyomo, pansi pa nthaka pamene diso la mlimi silifika. Akatswiri a zaulimi akhala akuonetsa kwa zaka zambiri kuti kukula, kukoma ngakhalenso chitetezo cha mtedza kwa woudya zimadalira kwambiri chinyezi ndi kutentha kwa dothi m'masabata anayi kapena asanu ndi limodzi otsiriza mbewuyo isanakumbidwe. Nkhaniyi ikukhudza mlimi wa kwa Mkanda kapena ku Kapiri, komanso banja la ku Kawale, Ndirande ndi Chibavi limene limagula nsinjiro ndi chiponde pamsika.

Mbewu yobereka mumdima

Mtedza umachita maluwa pamtunda koma umabereka pansi. Pakatha masiku 30 mpaka 40 chibzalireni, timaluwa tachikasu timayamba kuoneka. Duwa likafota, pamalo pake pamatuluka kansonga kamene kamaweramira pansi, kuboola dothi n'kulowa masentimita angapo. Kunsonga kwa kansongako ndi kumene kumatupa n'kukhala khoko la mtedza.

Apa ndi pamene madzi amayambira kulamula. Dothi likauma n'kuchita gwa, tinsonga tambiri timalephera kulowa ndipo timangopserera pamwamba. Mbewu ikhoza kuoneka yobiriwira bwino, masamba ali gwirigwiri, koma pansi pali makoko owerengeka. Kutentha kopitirira madigiri 35 panthawi ya maluwa kumaononganso mungu, kotero maluwa ambiri amagwa osabereka.

Vuto lachiwiri ndi la mchere wa m'nthaka wotchedwa kashiamu. Michere ina mbewu imakoka ndi mizu n'kuitumiza kumene ikufunika, koma kashiamu wodzazitsa maso a mtedza amalowa mwachindunji kudzera m'khoko lenilenilo, atasungunuka m'madzi a m'dothi lolizungulira. Dothi la pamwamba likauma, kashiamu sayenda ngakhale atakhalamo wambiri. Zotsatira zake ndi makoko ooneka bwino kunja koma opanda kanthu mkati, amene alimi amawatcha mphwepwa. Dothi la mchenga, lomwe ndi lochuluka m'madera ena a chigwa cha Mchinji ndi Kasungu, limataya chinyezi msanga, n'chifukwa chake ng'amba ya masabata awiri m'mwezi wa Febuluwale imaonekera pasikelo m'mwezi wa Juni.

Malinga ndi bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO, mtedza umafuna madzi okwana mamilimita 500 mpaka 700 pa nyengo yonse ya kukula kwake. Mchinji m'chaka chabwino imalandira mvula yoposa pamenepo. Chovuta ndi kagwedwe kake: mvula ikhoza kukhuthuka yambiri mu Januwale, n'kudula mu Febuluwale kapena kusiya msanga mu Malichi, pamene mtedza uli pakati podzaza.

Mdani wosaoneka ndi maso

Choopsa kuposa mphwepwa ndi chuku. M'dothi la m'madera otentha mumakhala nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus, imene imatulutsa poizoni wa aflatoxin. Nkhunguyi imakhalamo nthawi zonse, koma mtedza wathanzi umene ukupeza madzi okwanira umatha kudziteteza. Zinthu zimasintha mbewu ikafooka ndi ludzu.

Kafukufuku amene anachitika ku Dawson m'chigawo cha Georgia ku America, kumene kuli malo aakulu ofufuzira za mtedza, anaonetsa kuti poizoniyu amachuluka mtedza usanakumbidwe ngati zinthu ziwiri zakumana: chilala cha m'masabata otsiriza ndi dothi lotentha pafupifupi madigiri 28 mpaka 30 pamene pali makoko. Mbewu ikafota, masamba amasiya kuphimba mzere, dzuwa limawomba dothi mwachindunji, ndipo tizilombo tina ta m'nthaka timene timapikisana ndi nkhunguyi timachepa mphamvu. Makoko amachita ming'alu yaing'onoing'ono. Chiswe nacho, chimene chimalusa dothi likauma, chimakanda ndi kuboola makoko, kutsegulira chuku khomo. Pa kafukufuku yemweyo, mtedza umene unathiriridwa mokwanira m'masabata amenewa unatuluka wopanda poizoni kapena ndi wochepa zedi.

Dziko linadziwa za aflatoxin mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004, anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoni yemweyu. Imfa zadzidzidzi zoterozo sizichitika kawirikawiri. Chimene chimadetsa nkhawa azaumoyo ndi kudya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa inaika aflatoxin m'gulu loyamba la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, makamaka ya chiwindi, ndipo chiopsezo chimakula kwambiri kwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Akatswiri apezanso mgwirizano pakati pa poizoniyu ndi kupinimbira kwa ana. Kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa, ndipo ng'ombe ikadya chakudya chachuku, gawo lina la poizoniyo limatulukira mumkaka.

Msika umene unatayika

Mchinji inauona kale mtengo wa vutoli. M'zaka za m'ma 1970 mpaka m'ma 1980, mtedza wa Chalimbana, wa maso akuluakulu ndi wokoma pokazinga, unkagulidwa ndi ADMARC n'kutumizidwa ku Ulaya wochuluka. Msikawo unafota pazifukwa zingapo, ndipo chimodzi chachikulu chinali kukhwimitsa kwa malamulo a aflatoxin. Lero mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa mwachindunji kukhala ndi poizoniyu wopitirira magawo 4 mwa magawo biliyoni imodzi. Umene ukukasankhidwanso kapena kukonzedwa usanadyedwe amaulola kufika magawo 15. Mlingo umenewu ndi wochepa kwambiri moti maso ochepa oola akhoza kukanitsa katundu wa lole yonse.

Alimi a m'bomali anayesetsa kubwezeretsa dzina lawo. Bungwe lawo la Mchinji Area Smallholder Farmers Association, lomwe lili pansi pa NASFAM, linalandira chiphaso cha malonda achilungamo cha Fairtrade mu 2004, ndipo mtedza wa ku Mchinji unayambanso kupezeka m'masitolo a ku Britain. Kampani ya Liberation Foods, imene inakhazikitsidwa mu 2007 ndipo alimi a m'mayiko osiyanasiyana ali ndi gawo la umwini wake, inali imodzi mwa njira zimene mtedzawu unkadutsira. Chimene alimiwo anaphunzira n'chakuti msika wabwino umafuna kuyeza thumba ndi thumba, ndipo chaka cha chilala matumba okanidwa amachuluka.

Mtedza wambiri wa dziko lino tsopano umapita kumayiko oyandikana nawo monga Tanzania, Kenya, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo wina umatuluka m'njira zosalembedwa m'mabuku a boma. Kumeneko kuyeza sikukhwima ngati ku Ulaya, koma mtengo nawo sufika pa umene mtedza woyezedwa ungapeze.

Funso limene wokhala m'tauni ayenera kudzifunsa ndi lakuti: mtedza wosankhidwa uja, wokwinyika ndi wosweka, umapita kuti? Sutayidwa. Umagulitsidwa motchipa, n'kusinjidwa kukhala nsinjiro zotendera ndiwo ndi phala la ana, kapena kupera chiponde chogulitsa m'mabotolo opanda chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Ukasinjidwa, palibe angazindikire kuti unali wotani. Akatswiri a ku Chitedze ndi ku yunivesite ya LUANAR, kuphatikizapo Limbikani Matumba amene wafufuza nkhaniyi kwa nthawi yaitali, akhala akupeza aflatoxin wochuluka m'zakudya zopangidwa ndi mtedza zogulitsidwa m'misika ya dziko lino. Ng'amba ya ku Mchinji imathera m'mbale ya mwana wa mumzinda.

Kalendala ya mlimi ndi kalendala ya mvula

Mitundu ya mtedza imene imakondedwa m'chigawo chapakati ndi yochedwa kucha. CG7, wofiira uja wa mafuta ambiri amene anatulutsidwa mu 1990, amatenga masiku 130 mpaka 150. Chalimbana amatenganso pafupifupi miyezi isanu. Mlimi akabzala ndi mvula yoyamba kumayambiriro kwa Disembala, masabata ovuta aja amagwera mu Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo, pamene dothi likadali ndi chinyezi. Akabzala pakati pa Januwale, masabata omwewo amagwera kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi, mvula itatseka kale.

Komatu kuchedwa kubzala ndi chizolowezi chozika mizu. M'mabanja ambiri, manja onse amayamba athamangira chimanga ndi fodya, ndipo mtedza, umene kawirikawiri umatengedwa ngati mbewu ya amayi, umadikira mpaka ntchito zinazo zitapepuka. Kale mvula inkakhululukira kuchedwa kotere. Masiku ano nyengo yafupika ndipo yasiya kudalirika. Kawuniwuni wa nyengo ya dziko lino anaonetsa kuti kutentha kunakwera ndi pafupifupi digiri imodzi pakati pa 1960 ndi 2006. Nyengo za El Niño za 2015/16 ndi 2023/24 zinabweretsa ng'amba zazitali pakati penipeni pa dzinja, ndipo mu Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala.

Chaka chouma chimabweranso ndi matenda a kadukutu, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu. Nsabwezi zimaswana kwambiri mvula ikadula ndipo zimakonda munda wobzalidwa mochedwa ndi motalikirana, umene dothi lake likuonekera. Pakati pa zaka za m'ma 1990, mliri wa kadukutu unasakaza minda kum'mawa kwa Zambia ndi m'chigawo chapakati cha Malawi. Bungwe la ICRISAT, limene lakhala likugwira ntchito ya mtedza pa Chitedze kuyambira 1982, mogwirizana ndi nthambi ya boma ya kafukufuku wa zaulimi, linatulutsa mitundu yopirira matendawa monga Nsinjiro ndi Baka. Palinso mitundu yocha msanga monga Kakoma, imene imakhwima m'miyezi itatu kapena inayi n'kuthawa chilala cha kumapeto. Koma iyi ili ndi chofooka chake: mvula ikagwa itakhwima kale, imamera m'nthaka momwemo, kotero imafuna kukumbidwa pa nthawi yake.

Kodi mthirira ndi yankho?

M'mayiko amene ulimi wa mtedza uli patsogolo, yankho la chilala cha kumapeto ndi kuthirira kothandizira mvula. Mlimi sathirira nyengo yonse. Amalowererapo pa nthawi ya maluwa ndi tinsonga, komanso pamene makoko akudzaza, kenako amaleka kutatsala masiku ochepa kukumba. Madziwo amagwira ntchito zitatu nthawi imodzi: amafewetsa dothi, amayendetsa kashiamu, ndipo amaziziritsa malo amene makoko ali.

Lamulo lomweli limagwira ntchito ngakhale pa mtedza wa m'mitengo. Ku California, kumene kumachokera pafupifupi mtedza wonse wa walnut wolimidwa ku America, mitengo ikasowa madzi m'chilimwe chotentha maso ake amakwinyika ndi kuda, ndipo ogula amadula mtengo chifukwa msika umafuna maso oyera. Alimi a makademiya ku Thyolo ndi ku Ntchisi amadziwanso kuti mtengo ukamva ludzu zipatso zikukula, zambiri zimayoyoka ndipo zotsalazo zimakhala zochepa mafuta. Mbewu n'zosiyana, koma nthawi yodzaza maso ndi imene madzi sayenera kusowa.

Ku Mchinji madzi alipo. Mtsinje wa Bua umayambira m'mapiri a m'bomali, ndipo Rusa ndi madambo ambiri amasunga madzi mpaka m'chilimwe. Mapampu opalasa ndi miyendo komanso oyendera mphamvu ya dzuwa afalikira m'madimba. Vuto n'lakuti minda ya mtedza imakhala kumtunda, kutali ndi madambowo, ndipo dothi lamakande la m'dambo silikomera mtedza chifukwa limasunga madzi ambiri ndi kumata makoko pokumba. Madzi opitirira muyeso amaoletsa makoko ndi kuchulukitsa matenda a mawanga a masamba. Mlimi wa ekala imodzi kapena ziwiri amaonanso kuti pampu yake imabweza ndalama msanga pa tomato, anyezi ndi chimanga chachiwisi.

Kulima mtedza m'chilimwe ndi mthirira wokhawokha n'kotheka, makamaka kwa ochulukitsa mbewu, koma kumafuna kuwerengera bwino. Mchinji ili pamalo okwera ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira, pamene mtedza umamera ndi kukula mwaulesi. Ukabzalidwa kukayamba kufunda mu Ogasiti, umadzaza maso m'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala. Pampu ikangowonongeka sabata imodzi panthawiyo, mlimi amakhala wadzipangira yekha chilala ndi dothi lotentha, zinthu ziwiri zimene chuku chimafuna. Mthirira wodukizaduka ukhoza kuipitsa mtedza kuposa mvula.

Kusunga madzi amene agwa kale

Kwa alimi ambiri, njira yapafupi ndi kugwira mvula pamene yagwera. Alangizi amalimbikitsa kubzala ndi mvula yoyamba yokwanira, pamizere yotalikirana masentimita 75, ndi kubzala mizere iwiri pamwamba pa mzere umodzi kuti masamba atseke dothi msanga. Dothi lophimbidwa ndi masamba limazizira, limachedwa kuuma, ndipo nsabwe za kadukutu sizilikonda. Mizere ya ngonyeka, yotseka m'makwalala, imaimitsa madzi kuti alowe pansi m'malo mothamangira kudambo. Manyowa amathandiza dothi la mchenga kusunga chinyezi, ndipo laimu kapena gypsum amawonjezera kashiamu pamene akuperewera.

Palinso Aflasafe, mankhwala achilengedwe amene anapangidwa ndi bungwe la IITA ndi anzake. Ndi njere za mapira zokutidwa ndi mtundu wa nkhungu yomweyi koma wosatulutsa poizoni. Zikamwazidwa m'munda masabata awiri kapena atatu maluwa asanayambe, nkhungu yabwinoyo imalanda malo a yoipa ija. Nayonso imafuna chinyezi kuti igwire ntchito. Ulosi wa mvula umene nthambi yoona zanyengo imatulutsa dzinja lisanayambe, boma ndi boma, ungathandizenso mlimi kusankha pakati pa CG7 ndi mtundu wocha msanga.

Madzi akasanduka mdani

Mtedza ukangotuluka m'nthaka, nkhani imatembenuka. Madzi amene anali bwenzi amasanduka mdani. Mtedza wongokumbidwa kumene umakhala ndi chinyezi chochuluka, ndipo uyenera kuuma mpaka maso ake atatsala ndi magawo 7 kapena 8 pa 100 alionse usanalowe m'thumba. Kuumitsa pa dothi, padenga la malata lotentha kwambiri kapena mumulu wothinana kumaononga. Njira ya Mandela Cock, yosanja mitengo ya mtedza mozungulira makoko ali mkati ndi kusiya mpata pakati kuti mphepo izidutsa, imateteza makoko ku mvula ya mwadzidzidzi ndi mame a m'mawa.

Chizolowezi choipitsitsa chimachitika pakhomo. Kusenda mtedza ndi manja kumapweteka zala, kotero ambiri amawaza madzi pamakoko kuti afewe. Ena amanyowetsa dala kuti thumba lilemere pasikelo, poganiza kuti akubwezera venda amene sikelo yake amaikayikira. Mtedza wonyowawo ukatsekeredwa m'thumba la pulasitiki n'kukwera lole, chuku chimakula m'masiku ochepa. Khama lonse la m'munda limathera pomwepo. Mtedza umasungika bwino uli m'makoko ake, m'matumba a ziguduli osanjidwa pathandala, m'nyumba youma yopita mphepo.

Malinga ngati venda akupereka mtengo umodzi kwa mtedza wouma bwino ndi wonyowetsedwa, mlimi alibe chomukakamiza kusintha. Kumene magulu a alimi ndi makampani amagula poyeza chinyezi ndi kulipira moonjezera pa mtedza wabwino, khalidwe limasintha msanga kuposa kumene kwangofika uphungu wokha.

Wogula wa mumzinda naye ali ndi gawo lake. Ndi bwino kugula mtedza wathunthu, kuusankha pa lichero, kutaya maso okwinyika, othimbirira, obooka ndi owawa, n'kusinja yekha nsinjiro, kusiyana ndi kugula zosinjasinja zosadziwika chiyambi chake. Otayidwawo asapatsidwe nkhuku kapena ng'ombe. Pa chiponde cha m'botolo, chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards ndi chofunika kuchiyang'ana. Ndipo chaka chimene nkhani za ng'amba zamveka kuchokera ku Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe mu Febuluwale ndi Malichi, lichero la kusankha liyenera kugwira ntchito kwambiri kuyambira Juni.